Sileti Yolankhula: Kupenda Chichewa cha m'Matabuleti a Ana a Sukulu

I. Buku lopanda masamba

Ndi mwambo wakale ndiponso wabwino kuti buku lililonse lofuna kulowa m'sukulu liyambe ladutsa pamaso pa anthu odziwa chinenero, iwo naliwerenga tsamba ndi tsamba, nayesa mawu ake ngati ali oyenera makutu a mwana. Mwambowu uli ndi chifukwa chake, pakuti chimene mwana amva ndi kuwerenga m'zaka zinayi zoyamba za sukulu chimakhala naye kufikira imvi. M'zaka zino m'sukulu za pulaimale mwalowa buku la mtundu wina, lopanda masamba ndi lopanda chikuto, limene limalankhula lokha m'makutu a mwana. Dzina lake ndi tabuleti, dzina limene agogo ambiri amalidziwa ngati la mankhwala a kuchipatala. Koma tabuleti ya kusukulu ndi kachipangizo kaphanthiphanthi, kofanana ndi sileti ya kale, kokhala ndi galasi limene mwana amalikhudza ndi chala. Akatswiri a zowerengera ayesa kale ngati chipangizochi chikweza mamalikisi a ana. Ntchito imene yatsalira ndiyo ya odziwa chinenero: kuchiyesa monga momwe amayesera buku la Chichewa.

Mbiri yake mwachidule ndi iyi. Kampani ya ku London yotchedwa EuroTalk, imene inkapanga mapulogalamu ophunzitsa zinenero, inakonza maphunziro a masamu a ana aang'ono m'Chichewa, ndipo m'ntchito imeneyi munabadwa bungwe losachita malonda la onebillion mu 2014. Bungwe la VSO, mogwirizana ndi Unduna wa Maphunziro, linafikitsa maphunzirowa m'sukulu mwa ntchito yotchedwa Unlocking Talent, namanga zipinda zapadera zokhala ndi magetsi a dzuwa, kumene ana ankalowa kagulu ndi kagulu. Mu 2013 Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anayesa maphunzirowa pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Ana 318 a Sitandade 1 kufikira 3 anagawidwa patatu: ena anaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 tsiku lililonse kwa masabata 8, ena anapatsidwa tabuleti yopanda maphunziro a masamuwo, ndipo ena anatsala m'kalasi monga mwa masiku onse. Gulu loyamba ndilo linapambana pa mayeso a masamu. Gulu lachiwiri lija ndi lofunika kulikumbukira, pakuti linasonyeza kuti mphamvu inali m'maphunziro oikidwa m'katimo. Galasi lowala palokha silinaphunzitse mwana kuwonkhetsa.

Pambuyo pake onebillion anawonjezera kuwerenga ndi kulemba, natcha maphunziro onsewo onecourse. Mu 2019 bungweli linagawana mphoto yaikulu ya mpikisano wa Global Learning XPRIZE ndi anzawo a Kitkit School, atayesa mapulogalamu awo m'Chiswahili kwa miyezi 15 m'midzi ya chigawo cha Tanga ku Tanzania. Ndipo mu 2023 boma la Malawi, pamodzi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, linayamba ntchito yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga chakuti pomaliza pake ifike m'sukulu zonse za pulaimale za boma, pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 kufikira 4, amene chiwerengero chawo chiposa mamiliyoni atatu. Cholingachi chikakwaniritsidwa, sipadzakhala buku lina la Chichewa, kupatula Baibulo kapena, limene lidzafike m'makutu ambiri chotere. Nthondo ya Samuel Ntara ndi Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe zinawerengedwa ndi iwo amene anakwera makalasi. Sileti yolankhulayi idzakumana ndi mwana aliyense pakhomo penipeni pa sukulu.

II. Zoyenera kuyamikidwa

Wopenda wachilungamo ayenera kuyamba wavomereza vuto limene chipangizochi chinadzera. Pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo kalasi ya Sitandade 1 ya ana oposa 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi si chinthu chachilendo. Mayeso a kuwerenga amene anachitika m'dziko lonse mu 2010 anapeza kuti pa ana khumi alionse a Sitandade 2, pafupifupi asanu ndi awiri sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kolembedwa m'Chichewa. Mphunzitsi wa kalasi yotere, angakhale waluso chotani, sangathe kuima pambali pa mwana aliyense. Amaloza pa bolodi, ana onse nayankha pamodzi ngati kwaya, ndipo mwana wakumbuyo amene sanaone chilembocho amangotsegula pakamwa potsata anzake, napita kwawo wosadziwa kanthu, mphunzitsi osazindikira.

Apa ndi pamene tabuleti ili ndi ubwino woonekeratu. Imapatsa mwana aliyense funso lakelake, niyembekeza yankho lake. Akakhoza imamuuza pomwepo. Akalakwa imamulola kuyesanso, yosakwiya, yosatopa, yosatola ndodo. Mwana wofulumira apita patsogolo, wochedwa abwereza popanda kusekedwa ndi anzake. Mtsikana wamanyazi amene satukula mkono m'kalasi amayankha mafunso ambiri m'mphindi makumi atatu kuposa amene angayankhe m'teremu yathunthu ya kalasi yodzaza. Ndiponso chipangizochi sichilira intaneti, pakuti maphunziro onse ali m'kati mwake, ndipo moto wake umachokera ku dzuwa. Izi ndi zinthu zenizeni, ndipo mphunzitsi wozinyoza chifukwa chakuti zachokera kutali waiwala mawu a akulu akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ubwino wachiwiri uchokera m'chinenero chenichenicho. Chichewa chili ndi zilembo za liwu zisanu zokha, a, e, i, o, u, ndipo phatikizo lililonse limathera pa chimodzi cha izo, kupatula m uja woima payekha. Kalembedwe kake kamatsata katchulidwe mokhulupirika kwambiri kuposa ka Chingerezi, kotero kuti mwana wodziwa maphatikizo angathe kutchula liwu limene sanalionepo. Chifukwa chake aphunzitsi akale, ndi mabuku onga Sosa, ankayenda ndi ana m'njira ya maphatikizo, ndipo Eddie Williams, pofananiza ana a ku Malawi ndi a ku Zambia m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti a ku Malawi, amene ankayamba ndi Chichewa, ankawerenga chinenero cha kwawo bwino koposa, osatsalira m'mbuyo pa Chingerezi. Ntchito yolumikiza liwu ndi chilembo, ndi yolumikiza maphatikizo kuti apange mawu, ndi ntchito yobwerezabwereza, yokhala ndi yankho limodzi lolondola. Ntchito yotere makina amaigwira bwino. Kusiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola, ngoma nyama ya kutchire ndi ng'oma yoimba, kumafuna kuti mwana amve ndi kuona kambirimbiri, ndipo tabuleti ili nayo nthawi imene mphunzitsi alibe.

Ubwino wachitatu ndiwo umene odziwa chinenero ayenera kuusamala koposa. Chichewa ndi chinenero cha kukweza ndi kutsitsa mawu, koma kalembedwe kake sikaonetsa zimenezi. Mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika zilembedwa mofanana, pomwe khutu limazisiyanitsa. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Munthu akalemba kuti sabata yatha, wowerenga sadziwa ngati akunena kuti sabatayo yafika kumapeto kapena akunena za sabata ija yapita, kufikira ataona mawu otsatira. Amapita kumunda angathe kukhala munthu wopita masiku onse, kapena amene anali kupita pa nthawi ina yapitayo. Buku lapepala ndi losalankhula pa zonsezi. Limadalira mphunzitsi kuti alipatse mawu. Tabuleti ndilo buku loyamba la ana la Chichewa limene lafika m'sukulu zambiri lili ndi mawu akeake. Mwana amaona liwu nalimva nthawi yomweyo, ndi kakwezedwe kake komwe. Uwu ndi mwayi umene olemba mabuku akale sanakhale nawo.

III. Chimene chala sichinganene

Komatu pomwe pali mphamvu ya chipangizochi ndi pomweponso pali malire ake. Tabuleti imalankhula, mwana namvera. Ikafunsa, mwana amayankha ndi chala. Chiweruzo chake chonse chimatsamira pa malo amene chalacho chakhudza, kapena mzere umene chajambula. Wolowa m'chipinda cha ana makumi angapo ovala zomvera m'makutu amadabwa ndi bata limene lilimo, ndipo alendo ambiri amaliyamikira. Mphunzitsi wa chinenero ayenera kuliganizira kawiri bata limeneli, pakuti chinenero chimakula pakamwa. Mwana angathe kukhudza chithunzi cholondola atamva liwu lakuti mbale ya nsima, koma ngati iye mwini amasiyanitsa potchula mbale yodyera ndi m'bale wake wobadwa naye, chala sichinena. Woyenera kumva zimenezo ndi munthu wa makutu, woima pafupi.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kutchula zolembedwa ndi kumva zolembedwa. Popeza kalembedwe ka Chichewa ndi kosavuta, mwana angathe kutchula chiganizo chonse mosaphonya phatikizo, koma wosadziwa chimene wanena. Mphunzitsi wozolowera amamgwira msanga mwana wotere, chifukwa mawu ake amayenda mosalala ngati madontho a denga, osakwera pomwe ayenera kukwera, osapuma pomwe ganizo lapuma. Funso losankha yankho limodzi mwa atatu lingasonyeze pang'ono ngati mwana watsata nkhani, koma silingalowe m'malo mwa funso lakuti, Kalulu anachitiranji chotere? ndi lakuti, Iwe ukadatani? Mafunso otere alibe yankho limodzi. Amafuna kuti mwana amange chiganizo chakechake, asankhe mneni, agwirizanitse dzina ndi mfotokozi, alakwe, awongoledwe, mnzake amtsutse. Pamenepo ndi pamene luso la chinenero limabadwira, ndipo ndi luso lomwelo limene adzalifune polemba chimangirizo m'makalasi apamwamba.

Makolo anaidziwa nzeru imeneyi kalekale. Nthano ya Achewa sikambidwa kwa anthu okhala duu. Wokamba akati, Padangokhala, omvera amayankha kuti, Tili tonse, ndipo akaleka kuyankha nthanoyo imaima. Pakati pake pamabwera nyimbo, wokamba natsogolera, ana navomera. Chilapi nachonso ndi masewera a anthu awiri kapena ambiri, wina kuponya, ena kulingalira mokweza mawu. Nkhani za m'tabuleti, zingakhale ndi zithunzi zokongola ndi mawu ojambulidwa bwino, zimafika kwa mwana mmodzi payekha, m'makutu otsekedwa kwa anzake. Zimampatsa mawu atsopano ndi chizolowezi chotsata mzere, ndipo zimenezo ndi zabwino. Koma kuvomera, kufunsa ndi kukambanso nkhani m'mawu ake a mwini, mwana adzazipeza pokhapokha mphunzitsi atazikonzera nthawi pamene zomvera zavulidwa.

IV. Chichewa cha yani?

Funso lina ndi lolemera koposa. Pamene mphunzitsi aliyense ankawerengera ana ake buku, buku limodzi lomwelo linkamveka mosiyana ku Kasungu, ku Ntcheu ndi ku Chikwawa, pakuti mphunzitsi ankalipatsa kamvekedwe ka dera lake. Mawu ojambulidwa sasintha. Katchulidwe ka munthu mmodzi kapena anthu owerengeka amene analowa m'chipinda chojambulira kadzamveka tsiku ndi tsiku m'makutu a ana mamiliyoni, ndipo ana adzakayesa Chichewa chenicheni. Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linaika malamulo a kalembedwe ndi kuwakonzanso, ndipo Likulu la Kafukufuku wa Ziyankhulo la ku Zomba linatenga ntchitoyo mu 1996. Koma mabungwe onsewa sanakhalepo ndi chida choumba katchulidwe ka mtundu wonse monga ichi. Wina amati kubzala, wina kudzala; wina tsiku, wina siku; wina pfuko, wina fuko. Kusankha chimodzi si kulakwa, pakuti buku lililonse limasankha. Cholakwa chingakhale chakuti kusankhako kuchitike mwakachetechete, aphunzitsi osakudziwa, ndipo mwana wotchula monga amayi ake ayambe kudziyesa wolakwa.

Ndiponso si mwana aliyense wa m'Malawi amene amayamwa Chichewa. Kalembera wa 1998 anapeza kuti anthu 57 pa 100 alionse ankalankhula Chichewa pakhomo, 13 Chinyanja, 10 Chiyao, ndipo pafupifupi 10 Chitumbuka, osawerengera Chisena, Chilomwe, Chitonga, Chinkhonde ndi zinenero zina. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka nichotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 Unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzira m'zinenero za kwawo, koma mabuku a zinenerozo sanafike m'sukulu mokwanira. Mphunzitsi wa ku Rumphi kapena ku Mangochi wakhala akutseka mpata umenewu ndi pakamwa pake: amawerenga chiganizo cha Chichewa, nachimasulira m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ana namva. Tabuleti yolankhula Chichewa siingaone nkhope ya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene sanamve lamulo lenilenilo lakuti akhudze chithunzi. Mwana wotere akalakwa, makina amamuyesa wosadziwa chilembo, pomwe chimene sadziwa ndi chinenero. Ubwino wake ndi wakuti mawu ojambulidwa angathe kujambulidwanso m'chinenero china popanda kusindikiza ndi kunyamula mabuku zikwizikwi. Ngati pali nthawi imene lonjezo la 1996 lingakwaniritsidwe pa mtengo wotsika, nthawiyo ndi ino, ndipo makoleji a Karonga ndi Machinga ali pamalo oyenera kuyamba kufunsa zimenezi.

V. Manambala ndi kumasulira

Phunziro la masamu nalonso ndi phunziro la chinenero. Chichewa chimawerenga ndi dzanja: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, kenaka zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, kufikira khumi. Pamsika ndi m'kalasi anthu amakonda mayina obwereka ku Chingerezi, wani, thu, sikisi, seveni, chifukwa ndi aafupi, ndipo palibe chifukwa chowaletsera. Koma m'mawerengedwe a makolo muli phunziro la masamu lobisika: mwana wonena kuti zisanu ndi ziwiri wanena kale kuti 7 ndi 5 kuwonjeza 2. Mphunzitsi wanzeru amagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Wophunzira uphunzitsi akagwira tabuleti ayenera kumvetsera njira imene ikutsata, kuti adziwe chimene iye adzawonjezere ndi timiyala ndi zala m'kalasi.

Chinanso choyenera kumvetsera ndi mgwirizano wa mayina. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la 2, ndipo makina angaliike patsogolo pa dzina lililonse. Chichewa chimati ana awiri, mbuzi ziwiri, mitengo iwiri, tiana tiwiri. Pulogalamu iliyonse yomangidwa pa maziko a chinenero china, imene imalumikiza mawu ojambulidwa padera kuti ipange chiganizo, ili pa ngozi yopunthwa pamenepa, ndipo ndi pamalo oyamba pomwe wopenda ayenera kuika khutu. Chenjezo lomweli likhudza zida zina zimene aphunzitsi ali nazo m'mafoni awo. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, ndipo mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT, imene inatuluka mu 2022, amayesa kulemba m'Chichewa. Mphunzitsi wotopa angakopeke kumasulitsa kankhani ka Chingerezi usiku, nakapereka kwa ana mmawa. Koma liwu limodzi la Chingerezi lakuti uncle liphimba anthu amene Mchewa sangawasokoneze: malume, mlongo wa amayi, amene pa mwambo wa mbumba ali ndi udindo pa ana a mlongo wake, ndi bambo wamng'ono kapena wamkulu, m'bale wa abambo. Makina omasulira sadziwa banja limene nkhaniyo ikunena, ndipo amangosankha. Chiganizo chimene atulutsa chingaoneke chosalala, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere; choyenera kufika pamaso pa ana ndi chokhacho chimene mphunzitsi wachiwerenga mokweza nachikonza.

VI. Malo a mphunzitsi

Maiko ena anayendapo kale m'njira imeneyi. Dziko la Peru linagula makompyuta aang'ono zikwi mazanamazana a ntchito ya One Laptop per Child, niliwagawira ana a m'sukulu za kumidzi. Kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti anawo anazolowera makompyuta ndithu, koma pa masamu ndi pa chinenero panalibe kusintha kooneka. Makinawo anafika opanda maphunziro olongosoka ogwirizana ndi silabasi, ndipo aphunzitsi sanakonzekeretsedwe mokwanira. Ntchito ya ku Malawi yapewa cholakwa choyambacho, pakuti maphunziro ake ndi olongosoka ndiponso oyesedwa. Cholakwa chachiwiri ndicho chikali kudikira pakhomo.

Pali chitsanzo chapafupi choyenera kuchikumbukira. Pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere, imene inayamba mu 2007, inkaphunzitsa ana a makalasi oyambirira mwa njira yosiya mipata: mawu a pa wailesi ankauza mphunzitsi chochita, nakhala chete kuti ana ayankhe, aimbe, aimirire, ndipo mphunzitsi ndiye ankaona amene wakhoza. Wailesi inali yosauka poyerekeza ndi tabuleti, popeza sinkatha kutsata mwana mmodzimmodzi, koma inkasunga mphunzitsi pakati pa phunziro. Ngozi ya tabuleti ndi yakuti imagwira ntchito yake bwino ngakhale mphunzitsi atakhala pakhonde. Pang'onopang'ono iye angasanduke wosunga makiyi a kabati, wotchaja mabatire ndi wowerenga ngati zipangizo zonse zabwerera, nasiya kudziwa kuti mwana uyu wafika pati. Ndipo tsiku limene batire lidzafe, kapena galasi lidzasweke, kapena thandizo lakunja lidzaphwe, monga linaphwera mwadzidzidzi la bungwe la USAID mu 2025, kalasi idzatsala ndi munthu amene manja ake anazizira. Khasu lobwereka limalima ndithu, koma mwini munda asaiwale kunola lake.

Mwa ichi, makoleji a aphunzitsi ali ndi ntchito zinayi zimene sizilira ndalama zambiri. Yoyamba ndi yakuti wophunzira uphunzitsi aliyense, asanapite kukayesera ntchito m'sukulu, avale yekha zomvera, nayende m'maphunziro a Sitandade 1 ndi 2 monga mwana, ali ndi kope m'manja, akulemba mawu achilendo m'dera lake, katchulidwe kosiyana ndi ka ana ake, ndi ziganizo zonunkha Chingerezi, ngati zilipo. Palibe mphunzitsi amene angaloledwe kuphunzitsa buku limene sanaliwerenge, ndipo lamulo lomwelo ligwire pano. Yachiwiri ndi yakuti afananize dongosolo la zilembo ndi maphatikizo a m'tabuleti ndi la m'mabuku a Ndondomeko ya Kuwerenga ya dziko lonse imene inayamba mu 2016, kuti adziwe pomwe ziwirizi ziyendera pamodzi ndi pomwe mwana angasokonezeke. Yachitatu ndi yakuti aphunzire kukonza phunziro lotsatira nthawi ya tabuleti, la pakamwa lokhalokha: ana akambenso nkhani, awerenge mokweza awiriawiri, afunsane, mphunzitsi akuzungulira ndi kumvetsera. Yachinayi ndi yakuti zolembedwa m'makope aja zisonkhanitsidwe chaka ndi chaka, zitumizidwe kwa akonzi a silabasi ku Domasi, kwa akatswiri a ziyankhulo ku Zomba, ndi kwa opanga pulogalamuyo. Buku losindikizidwa likalakwa, cholakwacho chimakhala zaka khumi. Pulogalamu ingathe kukonzedwa pa teremu imodzi, ngati alipo wonena pomwe palakwika.

Chiweruzo cha nkhani yonseyi ndi chakuti sileti yolankhula ndi buku labwino la maphatikizo, mwina labwino koposa onse amene ana a kalasi yodzaza anakhalapo nawo, ndipo iyenera kulandiridwa. Imatenga pa mapewa a mphunzitsi katundu wobwerezabwereza amene sakadatha kumsenza yekha pamaso pa ana 100. Nthawi ndi mphamvu zimene zatsala pamenepo ziyenera kupita ku ntchito imene makina sanaifike: kumva mwana akuwerenga, kuwongola kakwezedwe ka mawu ake, kummasulira m'chinenero cha amayi ake, ndi kumfunsa funso lomulankhulitsa. Mayeso a chaka chilichonse adzanena kuti ana angati atchula mawu angati pa mphindi imodzi. Ngati anawo akumva zimene akutchulazo, wodziwa ndi mphunzitsi amene wakhala pansi pambali pawo, nawapempha kuti amuuze nkhaniyo buku litatsekedwa.